Kachipinda ka Mneneri: Za Malo Obindikirako Alembi

Munthu aliyense amene anayesapo kulemba kanthu kotalika kuposa kalata, ali pakhomo pa makolo ake kapena m'nyumba ya iye mwini, adziwa bwino kuti chimene chiononga ntchito imeneyi si kusowa nzeru kapena kusowa pepala ayi, koma liwu lija lokoma ndi laulemu limene tifika nalo pakhomo pa mnzathu, liwu lakuti odi. Pakuti pamene wangokhala pansi, mawu amene wakhala ukuwasaka kuyambira dzulo atayamba kufika amodziamodzi monga nkhuku zobwerera m'khola madzulo, pomwepo amveka odi panja. Ndipo popeza unaleredwa ndi anthu, numva mwambo, uyenera kunyamuka, kutulutsa mpando, kufunsa za kumene achokera alendowo, za ana, za mvula ndi za matenda a agogo, kufikira dzuwa litapendeka. Ndipo ukabwerera ku gome upeza nkhuku zija zamwazikanso m'thengo. Sindinena izi monyoza mwambo wathu, pakuti tsiku la maliro ndi odi yemweyo amene atithandiza kusenza denga limene mutu umodzi sulisenza. Ndingonena kuti pali ntchito zina zofuna chitseko chotseka, pamene kwathu kuno munthu wodzitsekera m'nyumba dzuwa likuswa mtengo amuyesa wodwala, kapena womana, kapenanso, tinene motsitsa mawu, wokhwima.

M'maiko ena, makamaka ku Ulaya ndi ku America, anthu anaona vuto lomweli, ngakhale kuti kwawoko wosokoneza sakhala mlendo kwenikweni koma lendi ya nyumba ndi belu la kuntchito. Ndipo anakhazikitsa nyumba zapadera kumene mlembi, mlakatuli kapena wopeka nyimbo aitanidwa kukakhala masabata angapo, napatsidwa pogona, chakudya ndi bata, osalipira kanthu, kuti atsirize chimene anayamba. Mawu oyenera malo otere tili nawo kale, pakuti akhristu akapatuka masiku atatu kukapemphera timati ali pa m'bindikiro; komatu ine ndiyesa kuti fanizo lolondola koposa ndi chikuta. Mayi amene wangochira kumene sapita kumadzi, satola nkhuni, sagwira mthiko. Amayi anzake ndiwo amphikira phala, namtenthetsera madzi, nakhala pakhomo kubweza aliyense wosayenera kulowa, kufikira mchombo wa mwana utagwa. Ali payekha, inde, koma kukhala payekha kwakeko ndi ntchito ya mudzi wonse. Chomwechonso ndi mlembi wobindikira: bata limene akhalamo siligwa lokha ngati mvula, alipo amene analipira, alipo amene akusonkha moto, ndipo mbiri ya nyumba zimenezi, ukaiyang'anitsa, ndiyo mbiri ya osonkha motowo koposa ya alembi eni ake.

Wakale koposa mwa iwo amene ndingamtchule ali m'Malembo, m'buku lachiwiri la Mafumu, ndipo dzina lake silinalembedwe nkomwe. Timangomdziwa kuti mkazi wa ku Sunemu. Mayi ameneyu, pokhala wachuma, ndipo ataona kuti mneneri Elisa apita kawirikawiri pa njira ya pakhomo pake, sanakhutire ndi kumpatsa chakudya chokha, koma anapangana ndi mwamuna wake kuti ammangire kachipinda kapamwamba. Ndipo zimene anaikamo tingaziwerenge pa dzanja limodzi chala china n'kutsala: pogona, pokhala, gome ndi poika nyali. Zaka zoposa 2,800 zapitapo, koma woyenda m'nyumba za alembi za masiku ano apeza kuti pa zinthu zinayizo sipanawonjezeke chachikulu, kupatula kuti nyali yasanduka ya magetsi. Chimene chinditenga mtima ndi chakuti mayiyo sanapemphe kanthu. Mneneri atafuna kumnenera kwa mfumu kapena kwa kazembe wa nkhondo, iye anakana, poti anali wokhazikika pakati pa abale ake. Akuluakulu a ku Roma nawonso ankasunga alakatuli, monga Maecenas anapatsa Horace munda kumapiri a Sabine. Koma mphatso zotere kawirikawiri zinali nyambo yokhala ndi mbedza m'kati, ndipo wolandira ankadziwa yekha dzina limene liyenera kuoneka kumayambiriro kwa buku lake.

M'chaka cha 1521, Martin Luther atakana kubweza mawu ake pa bwalo lalikulu la ku Worms, pamaso pa mfumu Charles V, moyo wake unali pa chiswe. Ndipo pa 4 May, ali pa ulendo wobwerera kwawo, okwera pa akavalo anamgwira m'nkhalango, anthu nayesa kuti waphedwa. Koma ogwirawo anali anyamata a Frederick, mfumu ya dera la Saxony, amene anambisa m'linga la Wartburg, pamwamba pa phiri loyang'ana mzinda wa Eisenach. Kumeneko Luther anavula mkanjo wake, nasunga ndevu, natchedwa Junker Jörg. Ndipo m'makalata ake ankadandaula za kusungulumwa, za kudzimbidwa, ndi za Satana amene ankamsautsa usiku, natcha malowo Patmo wake. Komatu munthu amene kale nthawi yake inkathera m'maulaliki, m'kuphunzitsa ndi m'mikangano, tsopano analibe kopita. Ndipo m'masabata 11 okha, kuyambira mu December, anamasulira Chipangano Chatsopano chonse kuchokera m'Chigiriki kunka m'Chijeremani, buku limene linasindikizidwa mu September 1522 nilithandiza kuumba chinenero cha mtundu wonse. Amene anayesapo kumasulira ngakhale kalata ya boma ya tsamba limodzi adzamvetsa kukula kwa chinthu ichi. Ndipo m'miyezi 10 imene anakhala m'lingamo, analipo omtengera chakudya kuchipinda kwake, monga akhwangwala anachitira Eliya ku mtsinje wa Keriti.

Koma mwa nyumba zotere monga tizidziwa lero, zotsegukira aliyense waluso amene apempha malo, osati wokondedwa wa mfumu yekha, imodzi mwa zoyambirira ili m'tauni yaing'ono ya Peterborough, m'chigawo cha New Hampshire ku America. Edward MacDowell anali wopeka nyimbo womveka m'masiku ake, ndipo mkazi wake Marian, amene poyamba anali wophunzira wake wa piyano ku Germany, anaona msanga kuti luso la mwamuna wake lifota ndi kuphunzitsa ndi phokoso la mumzinda. Mu 1896 anagula munda ku Peterborough, nammangira kanyumba ka mitengo m'kati mwa nkhalango, kotalikirako pang'ono ndi nyumba yaikulu, kumene nyimbo zinkamfikira mosavuta kuposa ku New York. Edward atagwidwa ndi nthenda imene inamlanda nzeru isanamlande moyo, awiriwo anali atamvana kuti mwayi umenewu ugawidwe kwa ena; alendo oyamba anafika mu 1907, ndipo iye anatsikira kuli chete mu January 1908, ali ndi zaka 47. Pamenepo Marian, wamasiye wa zaka 50, anabwerera ku piyano imene anaisiya pokwatiwa, nayendayenda m'mizinda ya America zaka zambiri, kuimba nyimbo za malemu mwamuna wake m'mabungwe a amayi okonda nyimbo, ndalama zake nazisandutsa tinyumba kamodzikamodzi. Anamwalira mu 1956 ali ndi zaka 98. Lero pamalopo pali tinyumba 32 tomwazikana m'maekala 450 a nkhalango. Dzina lake lakale linali MacDowell Colony, koma mu 2020 eni ake anachotsa liwu lachiwirilo chifukwa cha fungo lake la utsamunda, limene ife a kuno sitifunika kufotokozeredwa.

Tsiku la kumeneko liyenda motere. M'mawa alendo adyera pamodzi m'nyumba yaikulu, kenaka yense alowera njira yake ya m'nkhalango kunka ku kanyumba kake, kamene kali patali ndi ka mnzake kotero kuti woimba piyano sasokoneza wolemba ndakatulo. Lamulo lalikulu ndi limodzi, lakuti munthu safika pa kanyumba ka mnzake wosaitanidwa. Dzuwa likafika pamutu, wantchito adza ndi dengu la chakudya, naliika pakhonde mwakachetechete, nachoka osagogoda. Ndipo ine, mwana wa mudzi wa odi, ndikalingalira dengu limenelo ndiona kuti muli ulemu wina umene sitinauphunzire, ulemu wa kudyetsa munthu osamfunsa kuti waswera bwanji. M'kanyumba kalikonse muli matabwa, amene eni ake mwanthabwala awatcha miyala ya pamanda, ndipo mlendo aliyense pochoka alembapo dzina lake ndi nthawi imene anakhalamo. Chotero wobwera kumene akakweza maso angapeze kuti m'chipinda chomwecho munakhala Thornton Wilder, amene mbali ina ya sewero lake la Our Town anailembera kumeneko, kapena James Baldwin, kapena Alice Walker; ndipo kaya zimenezi zimlimbitsa mtima kaya zimuumitsa dzanja, zitengera munthu wake. Mlakatuli Edwin Arlington Robinson anafika mu 1911 wokayika, poyesa kuti akakhala pakati pa anthu odzitama, koma anabwererako chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 20.

Nyumba inzake, yotchedwa Yaddo, ku Saratoga Springs m'chigawo cha New York, inabadwa m'misozi yoposa pamenepa. Spencer Trask anali mwini chuma chambiri, mmodzi wa amene anaika ndalama zawo pa magetsi a Thomas Edison, ndipo mkazi wake Katrina anali mlembi. Anali nazo zonse zimene munthu angapemphe pansi pano, koma ana awo anayi onse anamwalira ali aang'ono, awiri a iwo motsatizana m'masiku ochepa mu 1888, ndi nthenda ya pakhosi imene inayamba yagwira mayi wawo. Nyumba yawo itapsa mu 1891, anamanga ina yaikulu koposa, ya zipinda zambirimbiri, yopanda wodzailowa. Ndipo mu 1900 anapangana kuti iwo akadzapita, chuma chimene chikanakhala cha ana chidzakhale cha anthu aluso. Spencer anafa pa ngozi ya sitima tsiku lotsiriza la 1909, Katrina namtsata mu 1922, ndipo alendo oyamba analandiridwa mu 1926. Kwathu tikanati khomo lotere latsekeka. Koma taonani, ana a eni amene adyera pa gome lake akwana zikwi.

Amene anayendetsa Yaddo zaka zoposa 40, kufikira 1969, anali mayi Elizabeth Ames, ndipo apa m'pamene tiona mbali ina ya nkhaniyi, imene oyamikira nyumba zotere sakonda kuitchula. Akulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Liwu la mayi Ames ndilo linali lolemera pa kusankha woitanidwa, ndiye ankawonjezera masiku a amene wamkomera mtima, ndipo wolakwira mwambo wa pakhomo ankapeza kakalata kaulemu koma kakuthwa. Kuyambira 9 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo kunalibe kuchezerana. Zabwino zake n'zosakanika: ndi m'nthawi yake, mu 1942, pamene Langston Hughes analandiridwa, mmodzi wa anthu akuda oyamba kulowa pa khomolo, zaka 16 chitsegulire, m'dziko limene mahotela ambiri akanambweza pachipata. Koma mu 1949, mantha a chikomyunizimu atagwira America, mlakatuli Robert Lowell, akudyera pa gome la nyumba yomweyo, pamodzi ndi alendo anzake atatu, anaimba mlandu mayi Ames pamaso pa akuluakulu a bungwe, kuti anasunga zaka zingapo mlembi Agnes Smedley, amene ankaganiziridwa kuti ndi kazitape wa Russia, nafuna kuti achotsedwe ntchito. Alembi ena ambiri anamuikira kumbuyo, ndipo akuluakulu anamsiya pa udindo wake. Lowell mwiniyo, patangopita masabata ochepa, anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo. Ukasonkhanitsa anthu aluso m'nyumba imodzi miyezi ingapo, yense wodziyesa mneneri, usayembekeze kuti mudzatuluka mabuku okhaokha, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Komabe kupatsa ndi kuika. Mu 1948 kunafika mtsikana wa zaka 27, Patricia Highsmith, amene ankadyera kulemba nkhani za timabuku ta zithunzi. Anakhala miyezi iwiri yokha, nalemberako gawo lalikulu la buku lake loyamba, Strangers on a Train, limene Alfred Hitchcock anapangapo kanema mu 1951. Zaka zake zambiri anathera ku Ulaya, nadziwika ngati munthu wovuta ndi wouma manja. Koma atamwalira ku Switzerland mu 1995, kunapezeka kuti chuma chake, cha madola pafupifupi 3 miliyoni, anachisiyira Yaddo. Mkazi wa ku Sunemu uja nayenso, atathawa njala zaka 7, anabwera kudzadandaulira mfumu za nyumba yake ndi munda wake, nafika pa nthawi imene Gehazi, mnyamata wa mneneri, anali kusimbira mfumuyo nkhani yake, ndipo anabwezeredwa zonse.

Funso limene liyenera kutivuta ndi lakuti ndani angathe kunka. Pakuti ngakhale chipinda chili chaulere, amene asiya ntchito miyezi iwiri asiyanso malipiro a miyezi iwiri, ndipo mayi wa ana atatu sangawapachike pa msomali monga chipewa. Virginia Woolf, m'buku lake la 1929, A Room of One's Own, anaonetsa kuti chimene chinatsekereza akazi kulemba m'mibadwo yonse si kuchepa nzeru koma kusowa chipinda ndi ndalama zawozawo, naika muyeso wake pa mapaundi 500 pachaka. Mu 1988 Nancy Nordhoff anatsegula Hedgebrook pa chisumbu cha Whidbey, kumadzulo kwa America, tinyumba 6 ta akazi okhaokha. Ndipo mwambo wa kumeneko umene alendo ausimba koposa ndi wakuti akatha kudya saloledwa kunyamula mbale zawo kunka nazo kotsukira. Kanthu kakang'ono, koma kafunseni amayi athu kuti ndi liti pamene anadya nasiya mbale pamphasa, wina n'kudzazichotsa.

Alipo amene amati zonsezi n'kulera ulesi, ndipo mlembi weniweni alemba pena paliponse; napereka umboni wa John Bunyan, amene Ulendo wa Mkhristu anauyamba m'ndende ya Bedford, ndi wa Ngũgĩ wa Thiong'o, amene mu 1978 analemba buku lathunthu m'Chikikuyu pa mapepala a kuchimbudzi m'ndende ya Kamiti. Ife sitifunika kupita kutali, pakuti Jack Mapanje, atamangidwa mu September 1987, anakhala ku Mikuyu zaka 3 ndi miyezi 7 osazengedwa mlandu, akupeka ndakatulo m'mutu ndi kuzisunga pamtima, popeza cholembera chinali choletsedwa. Umboniwo ndi woona, koma chigamulo chake n'chokhota. Ndende nayo ili ndi pogona, ndi chakudya chobwera chokha, ndi chitseko chotseka. Kusiyana kwake kuli pa mpiringidzo, kuti uli mbali iti ya chitsekocho. Ndipo pamene tiwerenga mmodzi amene anatulukamo ndi buku, tiiwala kuwerenga amene anatulukamo atathyoka mtima, ndi amene sanatulukemo konse.

Alembi oyamba a chinenero chathu analibe Yaddo. Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Ndipo ambiri amene anamtsata anali aphunzitsi, abusa ndi akalaliki a boma, anthu amene nthawi yawo yolemba inali usiku, ntchito ya tsiku itatha, nyali ikufuka pambali. Ndiyesa kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabuku athu ambiri ali opyapyala, pakuti buku lalitali lifuna kuti munthu asenze nkhani yonse m'mutu masiku ambiri otsatizana, monga woumba mbiya sasiya dongo liume ntchito ili pakati. Pamene alembi a mu Africa anayamba kupeza malo otere, anali a kutsidya kwa nyanja: ku Iowa, kumene Paul Engle ndi Hualing Nieh anayambitsa mu 1967 dongosolo loitana alembi a maiko onse, ndi kumene Bessie Head anapita kuchokera ku Serowe mu 1977, kapena ku Bellagio, m'mbali mwa nyanja ya Como ku Italy, m'nyumba ya bungwe la Rockefeller. Ambiri anabwerako atanoledwa, sindikana. Koma n'chodabwitsa ndithu kuti munthu afune chiphaso, ndege ndi chikhoti cha chisanu kuti akalembe za mudzi wa kwawo, ndipo wolemba m'Chichewa, akafuna kupempha malo, alibe chotumiza chimene oweruzawo angawerenge. Chifukwa chake ndiyamikira chimene anachita Wale Okediran, dokotala ndi mlembi wa ku Nigeria, amene mu 2010 anatsegula nyumba yotchedwa Ebedi m'tauni ya Iseyin, m'chigawo cha Oyo, kumene alembi a mu Africa akhala masabata 6 osalipira. Chimene apemphedwa pobwezera ndi kupatula maola ochepa pa sabata kukacheza ndi ana a sukulu za sekondale za m'tauniyo. Ndiko kunena kuti odi sanapirikitsidwe, wangopatsidwa tsiku lake.

Watsala mtundu umodzi wa nyumba zimenezi, umene utibwezera ku Wartburg. Mlembi Salman Rushdie atalamulidwa kuti aphedwe mu 1989, ndipo alembi ataphedwa motsatizana ku Algeria mu 1993, alembi anzawo anapempha mizinda ya ku Ulaya kuti ilandire alembi othawa, monga midzi yopulumukirako ya m'chilamulo cha Mose. Ndipo kuyambira mu 2006 ntchitoyi iyendetsedwa ndi bungwe la ICORN, limene likulu lake lili ku Stavanger, m'dziko la Norway. Mzinda upereka nyumba ndi ndalama ya chakudya kwa zaka ziwiri. Mmodzi wa alendo a Stavanger anali mnansi wathu Chenjerai Hove wa ku Zimbabwe, mlembi wa buku la Bones limene linalandira mphotho ya Noma mu 1989, amene anachoka kwawo mu 2001 atatopa ndi kuopsezedwa chifukwa cha zimene ankalemba zodzudzula ulamuliro wa Robert Mugabe. Anapatsidwa zonse zinayi za ku Sunemu, m'dziko limene m'nyengo ya chisanu dzuwa lituluka mochedwa nililowa anthu asanaweruke, ndipo analembadi. Koma bata limene mlendo wa ku MacDowell alikondwera nalo popeza adziwa tsiku lobwerera kwawo, kwa iye linalibe tsiku lotsiriza. Akulu anati mlendo ndi mame, koma uyu anakhala mlendo m'maiko a eni zaka 14. Anamwalira ku Stavanger pa 12 July 2015, ali ndi zaka 59, ndipo mtembo wake ndiwo unakwera ndege kubwerera ku Zimbabwe, kumene abale ake anaulandira nauika m'nthaka ya kwawo.